Munthu wa tepi ndi mitengo: mapepala a Simon Lewis ndi ife a m'Chigwa

Mphwanga amene akuphunzira za nkhalango ku koleji anabwera ku holide, ndiye tsiku lina tili pa khonde kuno ku Nchalo dzuwa likuswa mtengo, kutentha kwathu kuja koti olo nkhuku zimangoyasamula kukamwa, anandipatsa foni kuti achimwene taonani izi. Inali peji ya Google Scholar, malo a pa intaneti osonyeza mapepala a kafukufuku amene munthu walemba, ya mzungu wina wofufuza za nkhalango dzina lake Simon Lewis, pulofesa wa ku University College London komanso ku yunivesite ya Leeds ku England. Mndandanda wa mapepala ake mpaka chala kutopa ndi kusuntha, sutha ayi. Ine funso langa linali loti munthu mmodzi angalembe zonsezi bwanji, amagona nthawi yanji, nanga ife a kuno zikutikhudza pati poti madzi akamabwera usiku safunsa kuti ndani analemba chani. Tinakambirana mpaka udzudzu unatithamangitsa, ndipo zina ndinakawerenganso pandekha bandulo mpaka kutha.

Choyamba ndi kawerengedwe ka peji ija. Pepala lomwe akunena apa si nkhani ya mu nyuzi. Munthu akachita kafukufuku amalemba zonse, anapita kuti, anayeza bwanji, anapeza manambala anji, nkutumiza ku magazini ya asayansi ngati Nature kapena Science. Mkonzi wa kumeneko amalipereka kwa akatswiri ena awiri atatu, kawirikawiri mayina awo sakuuza, ntchito yawo ndi kulitokosa basi, kufufuza pamene masamu sakugwirizana kapena pamene walankhula mopyola umboni wako. Ambiri amabwezedwa. Likadutsa nde limatuluka, kenako ofufuza ena akamalitchula mu mapepala awo kompyuta imawerenga, ndi manambala aja amaoneka kumanja kwa peji. Palinso kanthu kena amati h-index kamene anayambitsa Jorge Hirsch mu 2005, ukakhala ndi 20 ndiye kuti uli ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa ka 20 kapena kuposa. Ine ndikuona ngati zili ngati kuwerenga ng'ombe za munthu pa Ngabu osayang'ana kuti zanenepa kapena nthiti zili pamtunda, nambala imakuuza kuti khola ndi lalikulu koma mkaka wake uyenera kukaona wekha.

Funso loti amalemba bwanji yekha linayankhika msanga, salemba yekha. Dzina loyamba pa pepala amakhala amene wagwira ntchito yaikulu, lomaliza nthawi zambiri ndi mkulu wa gulu, ndipo pakati pamatha kukhala mayina oposa 100.

Nanga anthu 100 pa pepala limodzi akuchita chani? Akuyeza mitengo ndi tepi. Zoona, ine ndinaseka, ndimayembekezera zimakina zoopsa. Amalowa m'nkhalango nkudula malire a malo pafupifupi hekitala imodzi, mamita 100 uku 100 uku. Mtengo ulionse umene kunenepa kwake, kuyeza mopingasa thunthu, kwafika masentimita 10 amaukhomera kachitsulo ka nambala, nkuuyeza pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchoka pansi, chapachifuwa pa munthu wamkulu, nkupaka penti pamene tepi yadutsa kuti wodzayeza ulendo wina asadzaphonye. Amalemba mtundu wa mtengo, ena amayeza ndi kutalika. Akatha amapita kwawo. Pakatha zaka zingapo amabweranso pamalo pomwepo, mtengo omwewo, mzere wa penti omwewo, kuona kuti wanenepa ndi mamilimita angati, wafa ndi uti, wagwa ndi uti, nanga ang'onoang'ono amene angofika pa masentimita 10 ndi angati. Ulendo umodzi sukuuza kanthu, umangokuuza kuti pali mitengo. Nkhani imayamba ulendo wachiwiri, wachitatu, ndipo ikakoma ndi pamene amene anakhoma kachitsulo koyamba anapuma ntchito kapena anatisiya kale koma buku lake lilipo. Lewis anathandiza kumanga gulu lotchedwa AfriTRON lomwe limasonkhanitsa mabuku oterewa kuchokera m'nkhalango zowirira za mu Africa, Ghana, Cameroon, Gabon, ma Congo onse awiri ndi kwina, ndipo ku Amazon, nkhalango yaikulu ya ku South America, kuli lina lofanana nalo lotchedwa RAINFOR.

Kuchoka pa tepi kufika pa nyengo pali ka mlatho kamene ambiri timakadumpha. Mtengo umakoka mpweya wa kaboni dayokisaidi kudzera m'masamba, nkuphatikiza ndi madzi ndi mphamvu ya dzuwa kupanga thupi lake. Ukaumitsa mtengo madzi onse nkutuluka, pafupifupi theka la kulemera kotsalako ndi kaboni. Aliyense amene anafukulapo uvuni wa makala anamuona kaboniyu ndi maso, chakuda chija ndi yemweyo, ndipo chikapsa pa mbaula chimabwerera m'mwamba, tani imodzi ya kaboni imapanga matani 3.67 a mpweya uja. Mpweyawu ndi umene umagwira kutentha ngati bulangete, mafakitale asanayambe unali pa 280 mwa miliyoni iliyonse ya mpweya, pano wadutsa 420. Vuto ndi loti mtengo woimirira sungauike pa sikelo. Ndiye ena anadzipereka kudula mitengo yochepa ya misinkhu yosiyanasiyana, kuiduladula, kuiyeza pa sikelo nthambi ndi thunthu lomwe, nkupanga fomula yoti ukadziwa kunenepa, kutalika ndi kulimba kwa mtundu wa mtengowo upeze kulemera. Fomula yodziwika kwambiri ndi ya Jérôme Chave wa ku France, ya 2005 ndi ina ya 2014. Kwathu kuno Daud Kachamba wa ku LUANAR ndi anzake anatulutsa yathuyathu ya miombo mu 2016 atadula mitengo 74 mu nkhalango za Mtangatanga, Kongwe, Mua-Livulezi ndi Tsamba, ina mpaka kukumba mizu yake, tangoganizani thukuta lake. Izi ndi zofunika chifukwa fomula ya mtengo wautali wa ku Gabon ukaiika pa kamtengo kathu kopindika kotentheka ndi moto chaka ndi chaka ikunamiza.

Pepala limene linamutchukitsa Lewis linatuluka mu Nature mu 2009. Anatenga malo oyezera 79 m'maiko 10 a mu Africa, kuyambira 1968 mpaka 2007, nkupeza kuti nkhalango zakale zosakhudzidwa, zomwe anthu amaganiza kuti zinakula zinamaliza, zikunenepabe. Pa hekitala iliyonse kaboni amaonjezereka ndi matani 0.63 pa chaka, kunena kwake makilogalamu 630, ngati matumba 12 ndi theka a 50 kg. Pa hekitala imodzi ndi zochepa koma chulukitsani ndi nkhalango yonse ya ku Congo. Chifukwa chimodzi chimene ofufuza amaloza ndi chodabwitsa pang'ono, mpweya omwe tikuudandaulawo kwa mtengo ndi chakudya, ukachuluka mtengo umakula msanga. Ndiye kuti kwa zaka zambiri nkhalangozi zakhala zikutimezera gawo la utsi wa magalimoto ndi mafakitale a dziko lonse mwaulere popanda wozilipira.

Koma ngongole ya pa golosale imakhala ndi tsiku lake. Mu 2020 kunatuluka lina mu Nature momwemo, dzina loyamba Wannes Hubau, Lewis ali wachiwiri, mayina onse oposa 100. Ulendo uno malo anali 244 mu Africa ndi 321 ku Amazon, mitengo pafupifupi 300,000 yotsatiridwa kwa zaka 30. Anapeza kuti mu zaka za m'ma 1990 nkhalango zowirirazi zimameza 17 peresenti ya mpweya umene anthu amatulutsa, pofika m'ma 2010 zinatsika kufika pa 6 peresenti. Mbali ina ndi yoti utsi wathu unachuluka komanso nkhalango zinachepa ndi kudula, koma mbali imene inaopsa anthu ndi yoti mitengo yayamba kufa msanga chifukwa cha kutentha ndi chilala. Ku Amazon kutsikaku kunayamba kale m'ma 1990, mu Africa kunachedwa, ndipo masamu awo amaonetsa kuti Amazon itha kusiyiratu kumeza pofika cha m'ma 2035. Chimene ndinakonda ine apa ndi choti munthu yemweyo amene anabweretsa nkhani yabwino mu 2009 ndi amene anabweranso kudzanena kuti abale zija ndinakuuzani zayamba kutha. Sanasinthe maganizo chifukwa cha ndale kapena ndalama, tepi ndi imene inasintha nambala. Pa peji ya Google Scholar mapepala awiriwa amangooneka ngati mizere iwiri yotalikirana, ukapanda kuwatsegula sungadziwe kuti lachiwiri likuyankha loyamba.

Pali linanso la 2017 limene ife okhala pafupi ndi madambo tingalimve bwino. Wophunzira wake Greta Dargie, pamodzi ndi Lewis, Suspense Ifo wa ku yunivesite ya Marien Ngouabi ku Brazzaville ndi ena, analowa mu dambo la nkhalango la Cuvette Centrale ku Congo, kuyenda m'matope ndi kubaya pansi ndi chitsulo. Anapeza dothi lomwe achizungu amati peat, masamba ndi mizu ndi mitengo yakufa yomwe siwola bwinobwino chifukwa imakhala m'madzi chaka chonse, yakhala ikuunjikana kwa zaka zoposa 10,000, malo ena kuya kwake pafupifupi mamita 6. Kukula kwa dera lake anati 145,500 sikweya kilomita, pomwe Malawi yense ndi nyanja yomwe ndi 118,000 ndi kanthu. Kaboni wake matani pafupifupi 30 biliyoni. Tangoganizani Elephant Marsh yathuyi koma yodzaza mitengo, yaikulu kuposa dziko lathu lonse, ndipo bola ikhale yonyowa, ikauma kaboniyo amatuluka. Mawu oti anapeza ine amandivuta pang'ono, anthu a m'midzi ya kumeneko dambo lawo amalidziwa kuyambira makolo, amavuulamo nsomba ngati mmene ife timachitira ku Dinde, ndipo ndi amene amalondolera njira ndi kusenza katundu. Chimene asayansi anabweretsa ndi muyeso ndi mapu. Mayina a ofufuza a ku Congo pa mapepala otere alipo, zimenezo nzabwino, koma osenza tepi ambiri pa peji ija simuwapeza.

Tsopano pamene nkhaniyi inandifika pakhomo ndi ka pepala kafupi ka 2019, Lewis ndi anzake atatu, Charlotte Wheeler, Edward Mitchard ndi Alexander Koch. Maiko analonjeza kubwezeretsa nkhalango pa mahekitala 350 miliyoni pofika 2030 pansi pa mgwirizano wotchedwa Bonn Challenge, ndipo Malawi nayenso analonjeza mahekitala 4.5 miliyoni. Iwo anayang'ana mapulani a maiko amene anali atalemba mwatsatanetsatane nkupeza kuti 45 peresenti ya malowo ndi minda ya mitengo ya mtundu umodzi ngati bulugamu ndi ina yamalonda, 21 peresenti ndi mitengo ya m'minda ya mbewu, ndipo 34 peresenti yokha ndi imene idzasiyidwe kuti nkhalango yachilengedwe imere. Masamu awo anati malo onse 350 miliyoni atakhala nkhalango yachilengedwe angasunge matani 42 biliyoni a kaboni pofika 2100, atakhala minda ya mitengo yamalonda angasunge 1 biliyoni yokha. Chifukwa chake nchosavuta, munda wa mitengo umadulidwa pakatha zaka 10 kapena 20, mapepala ndi nkhuni zake nkupsa kapena kuwola, kaboni nkubwerera komwe anachokera.

Sikuti bulugamu ndi mdani ayi, munthu akufuna milimo ndi mapolo, ndipo nimu amene tinadzala pakhomo ndi amene akutipulumutsa mu Okutobala. Koma onani mmene timachitira nyengo yodzala mitengo ikafika mu Disembala mpaka Epulo. Mbande m'machubu, akuluakulu abwera, zithunzi zajambulidwa, nambala ya mitengo yodzalidwa yalengezedwa pa wayilesi. Kuno ku Chigwa mvula yake ndi yochepa ndipo mbuzi zimayenda momasuka chilimwe chonse, nde pitani pamalo pomwepo mu Novembala mukawerenge yotsala. Palibe amene amabwera ndi tepi ulendo wachiwiri. Pomwe chitsa cha tsanya chimene wootcha makala anasiya chili ndi mizu yake kale pansi yozama, chimaphukira chokha, chimangofuna kuti moto, mbuzi ndi nkhwangwa zichipatse mpata, ndipo miombo ya m'mapiri nayo ndi chimodzimodzi. Umboni tili nawo pafupi, mitengo ya pa manda pathu palibe anaidzala mu chubu, nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje yakhalapo chifukwa cha ulemu wa M'bona basi, ndipo amene anaiona Majete African Parks isanalowe mu 2003 nkuionanso pano akudziwa chimene mpanda ndi kulondera zimachita.

Apa mpofunika kusamala, malo a Lewis ndi a nkhalango zowirira za mvula yambiri, si ngati tchire lathu la tsanya, milambe, masau ndi mitondo. Manambala ake sungawatenge nkuwamata pa Lengwe kapena Mwabvi kapena Matandwe. Za nkhalango zouma ngati zathuzi akuchita ndi ena, monga Casey Ryan wa ku Edinburgh amene wagwira ntchito nthawi yaitali cha ku Gorongosa ku Mozambique, kwa abale athu omwewa, ndi gulu lawo la SEOSAW lomwe limasonkhanitsa malo oyezera a kum'mwera kwa Africa. Mu 2018 Iain McNicol, Ryan ndi Mitchard anagwiritsa ntchito radar ya pa satelayiti kuyang'ana 2007 mpaka 2010 nkupeza kuti kupitirira theka la mitengo yotayika m'chigawo chino sikuchokera pa kugwetsa nkhalango yonse kuti pakhale munda, koma kupatulira, kutola mtengo waukulu uwu ndi uwo kuti ukhale makala kapena matabwa, uku patali pakuonekabe pobiriwira. Ife sitikufunika satelayiti kuti tivomereze zimenezo, ingokwerani Thabwa m'mawa muone njinga za matumba a makala zikukankhidwa kulowera ku Blantyre. Anapezanso kuti malo ena akutali ndi anthu mitengo ikuonjezereka, moti zotayika ndi zobwerera zinatsala pang'ono kufanana.

Ndiye funso langa lija la madzi. Tonse timanena kuti kusefukira kwa Shire ndi chifukwa chodula mitengo kumtunda, a mfumu amatero, aphunzitsi amatero. Muli choonadi koma sichonse, ndipo asayansi nawo anakanganapo. Mu 2005 FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, ndi CIFOR, bungwe lofufuza za nkhalango, anatulutsa lipoti lonena kuti nkhalango imathandiza pa mvula yapakatikati ndi mitsinje ing'onoing'ono, koma chimvula cha masiku angapo pa dera lalikulu dothi limakhuta ndipo madzi amatsika basi, mitengo ikhalepo isakhalepo. Mu 2007 Corey Bradshaw ndi anzake anayang'ana maiko 56 osauka nkunena kuti kumene nkhalango yachilengedwe yachepa kusefukira kumachuluka, ena nkuwatsutsanso kuti kuchuluka kwa anthu ndi kumene kukusokoneza masamuwo. Ine mmene ndikuonera, chimvula ngati cha Januwale 2015, cha Idai mu 2019, cha Ana mu 2022 chimene chinagumula Kapichira dziko nkutaya pafupifupi mamegawati 130, kapena cha Freddy mu 2023, chikanatipezabe. Koma chimene phiri lometedwa limatitumizira ndi mchenga ndi matope. Mtsinje wa Mwanza pano pansi pake panakwera ndi mchenga, Ruo akutsika ku Mulanje atasenza dothi la minda ya m'mapiri nkudzalitula cha ku Chiromo ndi Makhanga, ndiye mtsinje wokwiririka olo madzi apakati omwe umawatayira m'midzi. Mizu singaletse namondwe koma imagwira dothi, ndipo kwa ife okhala kumunsi kwa aliyense kusiyana kumeneko ndi kwa nyumba kuima kapena kugwa.

Chinandipweteka mtima ndi ichi. Namondwe wa Ana atadutsa, gulu la asayansi la World Weather Attribution linafufuza nkunena kuti kusintha kwa nyengo kunaonjezera mphamvu ya mvula ija, koma analephera kunena kuti ndi mlingo wanji chifukwa manambala a mvula a tsiku ndi tsiku a zaka zambiri osadukiza anali osowa, ku Mozambique anapeza masiteshoni anayi okha oti nkugwiritsa ntchito, ku Malawi sanapeze yokwanira pa ntchitoyo. Ndi nkhani ya tepi yomwe ija. Hubau ndi Lewis anatha kuuza dziko kuti nkhalango yatopa chifukwa munthu wina zaka 30, 40 zapitazo analemba nambala mu buku ndipo wina anabwerera kukalembanso pansi pake. Ife tili pamalo pamene nyengo ikumenya kwambiri m'dziko muno, koma mabuku athu ndi odukaduka, pulojekiti ikatha zaka zitatu galimoto yapita, buku ladyedwa ndi chiswe.

Mphwanga anandiuza kuti akufuna digiri yachiwiri adzachite pa tsanya wa kuno, ine nkumufunsa kuti h-index yake idzakwera ndi zimenezo? Anangoseka. M'mawa mwake anabwereka tepi ya telala ya alamu ake, tinapita pa mtondo uli kuseri kwa khola la mbuzi, anayeza mamita 1.3 kuchoka pansi nkulemba mzere ndi penti yotsala pa chitseko. Tepi inali yaifupi moti tinachita kulumikiza ndi chingwe, kuzungulira kwake kunakwana masentimita 176, anagawa ndi 3.14 pa foni kuti adziwe kunenepa kwake kopingasa nkupeza masentimita 56. Analemba nambalayo ndi deti mkati mwa chikuto cha buku la nyimbo la amayi poti akuti limenelo lokha ndi limene silitayika pakhomo pano, ndipo amayi anamukalipira kuti walemba ndi bolopeni.